Mzere Umene a Daka Anausiya Dala

Loweruka lapitali panatha chaka chathunthu chimwalirire a Faustino Daka, telala amene ankasoka pa khonde la sitolo ya Che Saidi ku Kapata. Mawa lake tinawakumbukira pa Misa ku tchalitchi chathu cha ku Nabvutika. Titatha kulandira Ukaristia, a Mbewe, amene amatsogolera kwaya, anagwira maikolofoni n'kunena kuti tiimbe nyimbo ya malemuwo powalemekeza. Anadina kiyibodi, ng'oma za m'kati mwake zinayamba kulira, amayi anatulutsa timipango toyera n'kumatigwedeza m'mwamba. Ine ndinatseka pakamwa. Ndaimba m'kwaya imeneyi kuyambira ndili mtsikana ndipo sindinakanepo nyimbo, koma iyi sindidzaimbanso mpaka tsiku langa. Ndikudziwa kuti tinalangizidwa kuti dzuwa lisamalowe tili chikwiyire. Kwa ine lalowa chaka chonse. Ndakaulula kwa bambo mfumu kawiri, mtima sunatsike.

Mawu onse a m'nyimboyo anapeka ndi a Daka. Palibe liwu limene tinachotsa, palibe limene tinapeka tokha. Komabe chimene timaimba si chimene iwo ananena, ndipo mwana wawo Masauso wakhala zaka zinayi akukhulupirira kuti atate ake anamutemberera pamaso pa mpingo wonse. Ine ndinalipo, ndikudziwa mmene zinayendera, ndipo dzanja langa lilimo.

A Daka anali aafupi, owonda, ovala magalasi omangidwa ndi ulusi wakuda mbali imodzi. Ankalankhula mapini ali pakamwa. Sanali munthu wofatsa, ndisanamizire akufa. Ukabwera ndi chitenje n'kuwaonetsa sitayilo ya pa foni, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kukufunsa ngati thupi la mayi wa pa foniyo wabwera nalonso. Amayi ambiri anachoka pa khondepo atalumbira kuti sadzapondaponso, koma Khrisimasi ikayandikira ankabwerera, chifukwa msoko wa a Daka sunkamasuka. Yunifomu ya mwana wa sukulu akaisoka, popinda m'munsi ankasiya nsalu yambiri m'kati. Makolo akadandaula kuti ikulemera, ankawayankha kuti sakusokera mwana wa lero yekha, akusokeranso amene adzakhalepo chaka chamawa.

Phazi lawo lamanja silinkapuma. Pa makina linkaponda, m'tchalitchi linkaponda, ngakhale pa maliro linkagunda pansi pang'onopang'ono. Ankayezera nalo chilichonse cholankhulidwa. Owerenga Mawu a Mulungu ankawaopa kuposa mmene ankaopera bambo mfumu, chifukwa Misa ikatha ankawadikirira pakhomo, pansi pa mtengo wa mango.

"Iwe mwana wa a Zulu, tabwera kuno. Paja umawerenga paja, amakuthamangitsa ndi galu wa yani?"

"Ayi, a Daka, ndimaopa kuti anthu atopa."

"Atopa! Mneneri analira zaka ndi zaka, iwe wamumaliza ngati ukulengeza tsiku lolandira feteleza. Lowanso, ukawerenge bwino. Upume pamene iye anapuma."

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi ndipo ankachibwereza mpaka kutitopetsa. Ankati mawu ndi nsalu, mpweya ndiye sizasi. Nsalu yomweyo ukaidula apa ikhala ya ukwati, ukaidula apo ikhala yokutira mtembo. Ankatinso munthu angathe kunama osasintha liwu lililonse, pongopumira polakwika. Ife tinkaseka, tinkati nzautelala zimenezo.

Ndakatulo zawo sankalemba. Ankazipeka ali pa makina, phazi likuponda. Mzere wautali ankaupezera pa msoko wautali, monga wa m'mbali mwa thalauza. Timizere tatifupi tinkabadwira pa kolala ndi pa matumba, pamene makina amathamanga pang'ono n'kuima, kuthamanga n'kuima. Liwu likakana kulowa m'kugunda kwa phazi, ankaimitsa makina pakati pa ntchito, mwini chovala ali chiimire, n'kuyang'ana malata milomo ikugwedera. Che Saidi, mwini sitolo, Msilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi, ankafuula ali kuseri kwa kauntala:

"Mdala, ukusoka kapena ukulalikira? Munthuyo basi imusiya!"

"Gulitsa sopo wako, Saidi. Ukandisokonezanso ndikubatiza ndi madzi othira pa ayironi."

"Yesa tione! Zaka zonsezi walephera."

Ankakangana chonchi tsiku ndi tsiku, za nkhumba, za Lachisanu ndi Lamulungu. Koma mwezi wosala wa Asilamu ukafika, a Daka sankadyera pa khondepo. Ankatenga chinangwa chawo n'kukadyera kuseri kwa nyumba, osauzidwa ndi munthu.

Anamwalira ndi chifuwa m'nyengo yozizira. Tinakawaika kumudzi kwawo cha ku Madzimoyo, pafupi ndi akazi awo. Masauso anabwera. Sanalowe pa gulu. Anaima kuseri kwa manda, m'mphepete mwa munda wa thonje, manja m'matumba. Bokosi likutsika, munthu wina anati tiwatsanzike ndi nyimbo yawo, ndipo kwaya inaiponya. Titangofika pa kolasi, pamene timati msiyeni, mtayeni, watha ameneyo, Masauso anatembenuka n'kulowa m'thonjemo, osaponya dothi. Ndinamva akuluakulu akunong'onezana kuti mwaona mwana wosamva, ngakhale kumanda. Ndinkafuna kufuula kuti osamva ndi ife. Sindinafuule. Ine nthawi zonse ndimakhala chete pamalo olakwika.

Masauso ndi mwana wawo wotsiriza, wamwamuna yekha. Ankatumikira pa guwa, ndipo ankawerenga bwino kuposa aliyense, chifukwa anakulira pansi pa phazi lija. Amayi ake atamwalira anayamba kujomba kusukulu. Anasiya kutumikira, anasiya kumeta, tsitsi linapotana ngati zingwe, ndipo fungo la chamba linkamutsogolera. Atate ake akanena limodzi, iye ankabweza atatu. Masana ena anabwera pa khonde n'kukhala pa benchi ya odikira zovala, n'kuyamba kuodzera. A Daka anadzuka pa makina, anatenga sizasi yaikulu yodulira nsalu, n'kudula zingwe ziwiri za tsitsi pamaso pa makasitomala ndi anyamata a njinga zonyamula anthu. Anthu anaseka kwambiri. Masauso anawerama, anatola tsitsi lake pansi, analiika m'thumba, n'kumapita. Sanagonenso pakhomo pa atate ake. Anakapezeka ku siteshoni ya mabasi, akuitanira anthu okwera.

Ife a mumpingo tinawayamikira a Daka. Tinati achita bwino, mwana sakula popanda chikoti. Miyezi itapita mwana osabwerera, tinasintha nyimbo koma mtima womwewo. Pa mphakati, pa chitsime, pa khonde pomwepo, aliyense ankawatonthoza ndi mawu amodzimodzi: msiyeni, a Daka, mtayeni, watha ameneyo, muli ndi ana aakazi. Tinkanena zimenezi titanyamula makolona. Tonse timaidziwa nkhani ya bambo uja amene anaona mwana wake akali kutali n'kuthamanga, koma tikafika pa mwana wa mnzathu timasanduka mkulu wake uja wokana kulowa m'nyumba.

A Daka anapita ku siteshoni kawiri. Ulendo woyamba Masauso anabisala kuseri kwa basi. Wachiwiri anakumana maso ndi maso, ndipo a Daka atatsegula pakamwa, chimene chinatuluka chinali kudzudzula thalauza logwa m'chiuno. Anandiuza okha, ndi manyazi, kuti lilime lawo limangodziwa kuluma, kupatula pamene phazi likulitsogolera.

Patatha zaka zitatu chidulire tsitsi lija, anandiitana ndikudutsa kuchokera kumsika.

"NaTembo, iwe uli ndi dzanja labwino. Khala apa, lemba. Usakongoletse, lemba mmene ndikunenera."

Anachotsa ulusi pa singano, anayamba kuponda makina opanda kanthu, n'kunena:

Ndinamuyeza ali khanda, nsalu ya mpango inamukwana;
ndinamuyeza atakula, mapewa ake anakana tepi.
Msiyeni, mtayeni, watha ameneyo.

Mizere iwiri yoyambayo inkayenda pang'onopang'ono, ngati munthu woyeza mwana amene sakufuna kumudzutsa. Wachitatu anati si wawo, ndi wa anthu. Iwo adzaponya, mpingo udzavomera. Ankafuna kuti timve mawu athu omwe akutuluka m'kamwa mwathu m'nyumba ya Mulungu, tione ngati akukoma. Kenaka phazi linasintha. Linayamba kugunda n'kuima, kugunda n'kuima:

Sizasi, khwa.
Tsitsi, pansi.
Kuseka.
Fumbi la mapazi.
Msiyeni, mtayeni, watha ameneyo.

Ine ndinayamba kulumikiza timawuto mzere umodzi kuti ndisawononge pepala. Anandigwira dzanja.

"Iwe, usandilumikizire. Tsiku limenelo panalibe mpweya. Lililonse pa mzere wake."

Ndi pamene ndinazindikira kuti ndikulemba kulapa kwa munthu. Sananene kuti ndinalakwa, koma aliyense womva kudukaduka kwa mizereyo akanadziwa kuti mwini wake sanathe kuinena mopuma kamodzi. Ndime yachitatu inabwerera ku mizere yaitali, koma yotsimphina pakati:

Akuti ali ku siteshoni, mawu asasa ndi kuitana alendo;
aliyense amamuonetsa pokhala, ine ndekha sandiitana.
Msiyeni, mtayeni, watha ameneyo.

Ndipo yotsiriza, pamene anasiya kukamba za mwanayo n'kuyamba kulankhula naye:

Malaya ako ndasoka, popinda ndasiya nsalu yambiri;
kula mmene ungakulire, nsalu ilipo.
Ukuti bwanji, mwana wanga?

Atafunsa funsolo anaponda kanayi, pakamwa potseka, kutalika kofanana ndendende ndi mzere wa anthu uja. Kenaka anachotsa phazi. Ine ndinali chigwirire bolopeni.

"Ndilembenso msiyeni?"

Analavulira mapini m'dzanja. Ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona akulankhula pa khondepo pakamwa popanda kanthu.

"Ukalemba pamenepo ndikudula chala. Mwalankhula katatu, kwakwana. Pamenepo si panu, mpa mwana."

"Nanga akapanda kuyankha?"

"Pakhale chomwecho. Mpando wa mlendo sukhalidwa chifukwa choti wachedwa."

Che Saidi anali ataima pakhomo la sitolo nthawi yonseyi. Ananena motsitsa kuti kwawonso powerenga mawu oyera, poima pamalemekezedwa ngati mawu omwe. Kenaka anati, "Mdala, lero wasoka." N'kulowa m'kati.

Cholinga chinali chakuti a Daka adzanene okha ndakatuloyo pa Lamulungu la achinyamata, mpingo uvomere katatu, kachinayi iwo adzakweze dzanja kuti pasatuluke liwu. Ananditumanso kwa Masauso, ndipo ndinakamuuza kuti atate ako akupangira mawu, ubwere ngakhale ukaime panja. Anandiyang'ana n'kuseka, koma sanakane. Kenaka a Daka anapita ku Madzimoyo milungu iwiri kukakumba mtedza, atandisiyira pepala kuti ndikalionetse kwa akuluampingo.

Akuluampingo analipereka kwa a Mbewe. A Mbewe atawerenga anati mawu okoma chotere sangangonenedwa, ayenera kuikidwa nyimbo. Kiyibodi inali itangobwera kumene, ndipo chilichonse nthawi imeneyo chinkayenera kudutsamo, ngakhale zolengeza zikanatheka. Tsiku lophunzira nyimbo anafika pa malo opanda kanthu aja n'kundiyang'ana.

"Apa mwaiwala kolasi, Mai Tembo."

"Sindinaiwale. Eni ake anati pakhale chete."

"Chete? Munthu waponya nyimbo, ife osavomera? Munaziona kuti zimenezo? Anthu adzati kwaya yaiwala mawu. Ndiponso makinawa akayamba saima."

Kwaya yonse inaseka. A Mbewe anatenga bolopeni yofiira n'kulemba pamalo paja kuti kolasi katatu. Ine ndinati pansi pamtima a Daka akabwera adzakonza okha, ndipo ndinaimba nawo.

Sindikunena kuti a Mbewe anali ndi njiru. Kwathu kuno woponya nyimbo amavomeredwa, kaya ndi pa mtondo, pa maliro, kapena pa ukwati. Kusavomera kuli ngati kusayankha moni. Koma a Daka ankadalira chimenecho. Ankadziwa kuti milomo yathu idzakhala itatseguka kale, mpweya titakoka, ndipo kumeza mawuwo kudzatipweteka. Ululu umenewo ndiwo unali ulaliki wake. Ife tinauthawa, ndipo tinautcha mwambo.

A Daka anafika m'mawa wa Lamulungu lomwelo pa njinga, kuchokera kumudzi, dothi lofiira likadali ku nsapato. Pakhomo anauzidwa kuti awachitira ulemu, mawu awo aimbidwa ndi kwaya. Ndinawaona akukwinya nkhope, koma belu linali litalira. Ndili pa benchi ya kwaya ndinayang'ana ku windo lakumbuyo. Masauso analipo, kunja, atavala malaya ochapa, tsitsi atalisonkhanitsa m'chipewa.

Kiyibodi inayamba ndi kugunda kovina, ndipo kugunda kumeneko sikunasinthe kuchokera poyamba mpaka pothera. Mizere yaitali ija tinaipanikiza kuti ikwane, inatuluka ikuthamanga ngati kuseka. Yaifupi ija inachepa, ndiye tinaitambasula pobwereza: sizasi khwa, khwa, khwa, tsitsi pansi, pansi, pansi. Achinyamata anayamba kudula m'mwamba ndi zala, ena akugwira anzawo kumutu, tchalitchi chonse chikugwa ndi phwete. Kulapa kwa munthu kunasanduka gule. Kenaka mtsikana wa mawu okoma anaimba yekha funso lija, ukuti bwanji mwana wanga, ndipo asanatseke n'komwe pakamwa, anthu onse, amayi, abambo, ine, tinayankha: msiyeni, mtayeni, watha ameneyo. Katatu, mokweza, ndi nthungululu pamwamba.

Ndinayang'ana ku windo. Kunalibe munthu.

A Daka sanathamange. Anayenda pakati pa mabenchi mpaka kutsogolo, anawerama, n'kuzula chingwe cha kiyibodi pa khoma. Chete amene anapempha uja anabwera, koma atachedwa. Ataima pomwepo, chingwe chili m'manja, phazi lawo linagunda simenti kanayi, ndipo tonse tinamva. Kenaka anatifunsa, osakweza mawu:

"Anakupemphani ndani?"

Anatuluka. Ndinawaona pa windo ataima pakati pa msewu, akuyang'ana uku ndi uku.

Mlungu womwewo akuluampingo anawaitana pa mlandu wosokoneza Misa. Anawauza kuti apepese kwa kwaya. Iwo anati guwa analilakwira, ndipo anakagwadadi patsogolo pake nthawi yaitali, koma kwaya sanailakwire. Wapampando anawafunsa kuti nanga tasintha liwu liti, popeza mawu onse ndi anu? A Daka anawapempha kuti avule jekete awapatse. Sachotsapo nsalu ngakhale pang'ono, angolidula pamene iwo akufuna, kenaka alivalenso. Anthu anati mdalayu ngwamwano. Anawaletsa kuphunzitsa owerenga. Bambo mfumu, amene anali wachinyamata ndi wamtima wabwino, anayesa kuwatonthoza kuti nyimboyo ikubala zipatso, matchalitchi a kumidzi ayamba kuipempha.

Zipatso zake ndinaziona. Amayi akakangana ndi ana awo anayamba kuiimba akusesa pabwalo. Aphunzitsi ankaiponya kwa ana ochedwa. Chimene munthu anasoka kuti chikhale chovala cha mwana wake ife tinachipota kukhala chikoti, n'kugawana. Ndipo timati tikutamanda Mulungu. Ndikamaganiza za mwala wa mphero uja umene unatchulidwa kwa olakwitsa ana, sindiganiza za anthu a ku mabala a mowa. Ndimaganiza za benchi yathu ya kwaya.

A Daka sanapekenso ndakatulo. Che Saidi akuti makina anayamba kuyenda osaima ngati a ku fakitale, ndipo iye ankalakalaka kuti mdalayo amutukwaneko. Misa sanajombe, koma anasamukira ku benchi yomaliza, ndipo nyimboyo ikayamba ankatuluka. Anapitanso ku siteshoni kachitatu. Masauso anatuma mnzake kudzawauza kuti nyimbo anaimva, asavutike. Ine a Daka sanandidzudzulepo, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Tsiku lina ndinayesa kupepesa, iwo anangoti, "NaTembo, pepala lilibe phazi. Ndinalakwa ndine kulidalira." Ndinavomera mawu amenewo msanga chifukwa ankandimasula. Ndikanatha kupita ndekha kwa Masauso tsiku lililonse la zaka zitatu zimene a Daka anakhalabe ndi moyo. Ndinkaopa kukanena kuti inenso ndinaimba.

Ana awo aakazi atabwera kudzatenga makina kupita nawo ku Lusaka, mu dirowa munapezeka malaya oyera a munthu wamwamuna, osavalidwapo. Che Saidi anandipatsa ine, akuti ndikudziwa mwini wake. Anakhala m'sutikesi mwanga chaka.

Lamulungu lapitali, kwaya ikuimba ine nditatseka pakamwa, ndinadziwa kuti kutseka pakamwa kokha sikulipira kanthu. Misa itatha ndinadzera kunyumba kutenga malaya aja, n'kupita ku siteshoni ndili mu yunifomu ya kwaya. Masauso ndinamupeza atatsamira minibasi. Wanenepa, ndi bambo tsopano, tsitsi lafika kumsana.

"Anti, mwabwera kudzandiimbira?"

"Ndabwera kudzakuuza mmene atate ako anainenera."

"Ndikuidziwa. Ana a sukulu amandiimbira ndikamadutsa."

"Imeneyo ndi yathu. Yawo sunaimve. Ima pomwepo."

Anzake anayamba kukuwa. "Masa, lero wagwidwa! Aleluya, amama, mpempherereni, ali ndi ziwanda zisanu ndi ziwiri!"

Ndinaponda phazi pansi, pakati pa makoko a nzimbe, n'kuyamba. Mizere yaitali ndinainena mwautali wake. Yaifupi ndinaidula, lililonse palokha, ndipo pa liwu loti kuseka ndinaona anzake aja asiya kuseka. Mzere wa anthu ndinaunena ndekha katatu, ukundiwotcha ngati khala. Nditafunsa funso lomaliza, ndinaponda kanayi, pakamwa potseka. Mahutala ankalira, wina ankafuula za Katete, wina za Lundazi, koma pakati pa iye ndi ine panalibe liwu.

"Ndiye?" anatero.

"Yathera pomwepo."

"Kolasi?"

"Panalibe. Anapasiyira iwe. Tinaikapo ndife. Ine ndinkadziwa, ndipo ndinaimba nawo."



"Anthu anandiuza kuti mdala anazimitsa kiyibodi chifukwa anandiona pa windo, manyazi anamugwira."

"Anazimitsa chifukwa tinakhala pa mpando wako."

"Bwerezani pothera."

Ndinabwereza. Ulendo uno sindinaponde ndine. Zala zake zinagunda chitsulo cha minibasi kanayi, mofanana, monga ankaphunzitsidwira ali mwana. Milomo inatseguka, ndipo ndinati mumtima, Ambuye, ndi pano. Koma chimene ananena chinali changa.

"Mwachedwa, anti. Inu nonse a kutchalitchi, mwachedwa. Ndiyankhe ndani tsopano?"

Sindinamupemphe kuti andikhululukire, chifukwa akanakhala katundu wina womusenzetsa. Ndinamupatsa pulasitiki ya malaya. Anasuzumiramo, anaipinda n'kuiika m'khwapa. Dalaivala analiza hutala, ndipo Masauso anatembenuka n'kuyamba kuitana anthu, mawu osasa.

Dzulo ndinadutsa ku Kapata. Che Saidi akuti mwanayo anabwera Lolemba m'mawa atavala malaya aja. Malayawo ndi aafupi, safika pa lamba, chifukwa anayezedwa ndi maso zaka zinayi zapitazo. Che Saidi anamuuza kuti kuli telala wina kumsika amene angamasule popinda, nsalu ili m'kati yambiri. Masauso anati asawakhudze munthu. Anaima pamene pankakhala makina, chipewa chili m'manja. Ndinafunsa ngati ananena kanthu. Che Saidi anati sakudziwa; ataona milomo ikuyamba kugwedera analowa kuseri kukapanga ngati akufuna mchere, chifukwa mawuwo sanali ake.

Khondelo lili monga analisiyira. Msomali umene pankapachikidwa tepi ukadali pa mzati. Benchi ya odikira zovala yatsamira khoma, ndipo pansi pake pali banga lakuda la mafuta a makina limene madzi alephera. Pa simenti pali zipsera zinayi za dzimbiri pamene panaima miyendo ya makina, ndipo pakati pake simenti inasalala ndi chidendene. Anthu abwera kudzapempha malowo, wina wokonza mafoni, wina wowotcha tchipisi, koma Che Saidi wawabweza onse. Njinga zimadutsa zikuliza mabelu, wailesi ya pa sitolo yoyandikana imalira tsiku lonse. Pakati pa zipsera zinayizo sipanaikidwe kanthu. Che Saidi amasesapo m'mawa uliwonse, n'kupasiya.